Lee Kong Chian Natural History Museum ku Singapore: musathere nthawi yonse pa ma dinosaur

Aliyense amene wamvapo za nyumba yosungiramo zachilengedwe imeneyi amayamba ndi kutchula ma dinosaur atatu aja. Alipodi, ndipo ndi aakulu mochititsa mantha. Koma mukandifunsa ngati tikiti yake ikuyenera ndalama zanu, ndikuyankhani kuti inde pa chifukwa china chimene zithunzi za pa intaneti sizionetsa kwenikweni. Kuno ndi kumene nkhanu, nsomba ndi tizilombo tambirimbiri ta kumwera chakum'mawa kwa Asia timapatsidwira mayina koyamba, ndipo munthu wofatsa amaiona ntchito imeneyo ikusuzumira m'makona a chionetserocho.

Nyumbayi ili mkati mwa National University of Singapore, ndipo inatsegulidwa mu Epulo 2015. Kufikako si kovuta: mumakwera sitima ya MRT mpaka Clementi kapena Kent Ridge, kenaka basi. Lolemba amatseka. Alendo ochokera kunja amalipira zambiri kuposa nzika ndi anthu okhala m'dzikomo, choncho musadabwe pa khomo. Mukaiona patali imaoneka ngati chimwala chachikulu chopanda mawindo ambiri, ndipo mbali imodzi anaigoba n'kubzalamo zomera. Kusowa kwa mawindoko si kuumira ayi. Kuwala kwa dzuwa, kutentha ndi chinyezi cha ku Singapore zimawononga zikopa, nthenga ndi mapiko a agulugufe, ndiye anamanga kuti zamkatizo zikhale mu mdima ndi mozizira.

Tiyeni tithane nawo ma dinosaur aja kaye. Anawapatsa mayina akuti Prince, Apollonia ndi Twinky. Prince ndi wotalika mamita 27, Apollonia 24, Twinky 12, ndipo mafupa ambiri amene mukuwaonawo ndi enieni. Ana amangoti kukamwa yasa, akuluakulu nawonso mafoni m'mwamba. Koma mafupawa anafukulidwa ku Wyoming, ku America. Sakuuzani kanthu za Asia. Ine ndimawatenga ngati nyambo yokokera anthu kuti alowe, ndipo ntchito imeneyo amaigwira bwino. Jambulani, pumani pang'ono, kenaka pitirirani.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri m'chipinda chachikulucho ndi namgumi. Ndi wamkazi, wa mtundu wa sperm whale, wotalika mamita 10.6, ndipo anapezeka atafa akuyandama pafupi ndi chilumba cha Jurong mu Julaye 2015. Ogwira ntchito pano anamusenda okha, kuyeretsa mafupa, n'kumuika poonekera mu Malichi 2016. Anali ndi bala lalikulu kumsana, ndipo akatswiri amaganiza kuti anagundidwa ndi sitima ya pamadzi. M'mimba mwake anapezamonso mapulasitiki. Nkhani yake ili ndi mchira wina. Kale, nyumba yosungiramo zakale ya Raffles Museum, mu Singapore momwemu, inali ndi mafupa a namgumi wina amene anakokoloka ku Malacca mu 1892, ndipo mibadwo ya ana a sukulu inakula ikumuona atapachikidwa kudenga. Mu 1974 anaperekedwa ku Malaysia. Ndiye kwa anthu achikulire a ku Singapore, namgumi watsopanoyu ali ngati kubweza ngongole.

Mbiri imeneyi ndiyofunika kuti mumvetse chimene mukuona. Zinthu zambiri zakale za muno zinachokera ku Raffles Museum ija, imene inayamba kusonkhanitsa zinyama m'zaka za m'ma 1800. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma linafuna kuti nyumbayo izingoona za mbiri ndi zaluso, ndipo zinyamazo zinaperekedwa ku yunivesite mu 1972. Kwa zaka zambiri zinkangosamutsidwa uku ndi uku, kopanda malo okhazikika, ndipo dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa kupulumuka kwake ndi la mayi Yang Chang Man, amene ankazisamalira nthawi yonseyo. Akanatopa mayiwa, bwenzi lero tikukamba zina. Panopa zosungidwazo zapitirira miliyoni imodzi, koma zimene alendo timaona ndi pafupifupi 2,000 zokha. Zotsalazo zili m'zipinda za pamwamba, m'mabotolo a sipiriti ndi m'madirowa, kumene amalowa ndi ofufuza okha.

Poyamba zimenezi zimamveka ngati akukubisirani zabwino. Koma ganizirani mmene dzina la nyama limabadwira. Katswiri akakhulupirira kuti nkhanu imene wagwira siinalembedwepo, sangangolengeza pakamwa. Amayenera kuiyerekeza ndi achibale ake onse odziwika, kuyeza miyendo, kuwerenga minga ya m'mbali mwa chigoba, kujambula ziwalo zoberekera za yaimuna (pa nkhanu za m'mitsinje ndi pamene kusiyana kumaonekera kwambiri), ndipo masiku ano kawirikawiri amaonanso DNA. Akatero amasankha nkhanu imodzi yeniyeni, imene amaitcha holotype, n'kuisunga ndi nambala yake m'nyumba ngati ino. Dzinalo limamangiriridwa pa nkhanu imodzi imeneyo. Pakatha zaka 80 wina akakayika, amapita kukatulutsa botolo lomwelo n'kuona yekha. Botolo lotere silingakhale pa shelefu pamene aliyense akudutsa ndi chikwama kumsana. Ndiye kutseka zipindazo n'koyenera, ndipo ine sindikudandaula nazo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale oweruza a mayinawa ali pompano. Bungwe la International Commission on Zoological Nomenclature, limene linakhazikitsidwa mu 1895 ndipo limasunga malamulo a katchulidwe ka zinyama padziko lonse, ofesi yake inali ku London kwa nthawi yaitali, koma kenaka inasamukira ku yunivesite yomweyi. Malamulo ake amayambira pa mayina amene katswiri wa ku Sweden, Linnaeus, anasindikiza mu 1758, ndipo lalikulu ndi losavuta kumva: dzina limene linasindikizidwa koyamba mwa dongosolo ndilo limapambana, kaya lachiwirilo likukoma bwanji m'kamwa. Kuyambira 2012 dzina likhoza kutuluka m'magazini ya pa intaneti yokha, bola lilembetsedwe mu ZooBank, kaundula wa mayina a zinyama. Kwa ine, kusamuka kwa ofesiyi si nkhani yaing'ono. Kwa zaka mazana awiri zinyama za Asia zinkatumizidwa ku Ulaya kukapatsidwa mayina, ndipo katswiri wa ku Java kapena ku Borneo ankayenera kupita ku Leiden kapena ku London kukaona holotype ya nyama ya kwawo komwe. Zimenezi sizinatheretu, koma mphepo yayamba kutembenuka.

Mukalowa pa bwalo, musadutse mothamanga chiboliboli cha anthu awiri chimene chinaikidwa mu 2019. Mmodzi ndi Alfred Russel Wallace, katswiri wa zachilengedwe wa ku Britain, amene anayenda m'zilumba za kuno kuyambira 1854 mpaka 1862 n'kusonkhanitsa zamoyo zoposa 125,000. Ku Bukit Timah kokha, mkati mwa Singapore, anapeza mitundu ya zikumbu pafupifupi 700 m'miyezi iwiri. Winayo ndi Ali, mnyamata wachimalaya amene Wallace anam'lemba ntchito ku Sarawak. Ali ndiye anawombera ndi kusenda mbalame zambiri za Wallace, ndipo ndi iye anabweretsa mbalame yokongola ya pa chilumba cha Bacan imene lero imatchedwa Semioptera wallacii. Onani bwino dzinalo: muli Wallace, mulibe Ali. Ndinakondwa kuti osema chibolibolicho anawaika onse awiri, chifukwa mpaka lero ntchito yopeza mitundu yatsopano imadalira asodzi, alenje ndi operekeza m'nkhalango amene mayina awo sapezeka pamwamba pa pepala.

Mkati, kwerani masitepe mupite ku chipinda cha mbiri, chimene amachitcha Heritage Gallery. Apa ndiye pamene ndinakhalitsa. Muli makabati amatabwa okhala ndi madirowa amene amakulolani kutsegula nokha, ndipo dirowa lililonse lili ndi zake. Chinthu chimene muyenera kufunafuna ndi kambalame kakang'ono kotuwa, ka mtundu wogwira ntchentche, kamene kanasonkhanitsidwa ndi Wallace ku Malacca. Kuoneka kwake si kwa patali ayi: kagona chagada, mapiko atapindidwa, nthenga zitafwifwa, kapepala katamangiriridwa kumwendo. Munthu wothamangira ma dinosaur sangakaone n'komwe. Koma kapepalako ndiye chuma chenicheni. Popanda malo, chaka ndi dzina la wosonkhanitsa, chikopa cha mbalame ndi chikopa chabe. Kapepala kakakhalapo, chimasanduka umboni wakuti mbalame ya mtundu uwu inali pamalo awa nthawi iyi. Mukamvetsa zimenezi mumayamba kuwerenga timapepala tonse m'nyumbamu ndi maso ena.

Zina zimene zili poonekera zimanena nkhani yomweyi m'njira zosiyanasiyana. Pali kamba wamkulu wa m'nyanja wa mtundu wa leatherback amene anapezeka pa gombe la Siglap mu 1883. Pali siponji ya m'nyanja yooneka ngati chikho chachikulu, Cliona patera, imene inalembedwa koyamba kuchokera ku madzi a Singapore m'zaka za m'ma 1820. Osonkhanitsa zachilendo anaikokolola kwambiri moti kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti inatheratu, mpaka mu 2011 pamene osambira pansi pa nyanja anaipeza yamoyo pafupi ndi chilumba cha St John's. Palinso chidutswa cha thunthu la mtengo wa Hopea sangal wa ku Changi. Mtengowu unkaganiziridwa kuti kulibenso ku Singapore. Unapezeka mu 2002, ndipo chaka chomwecho unadulidwa popanda chilolezo. Ndinaima pamenepo ndikupukusa mutu. Kupeza chinthu ndi kuchipatsa dzina sikuchiteteza chokha.

Tsono ku ntchito ya masiku ano, imene ndikuti ndiyo mtima wa nyumbayi. Munthu amene anali mtsogoleri wake woyamba, Pulofesa Peter Ng, ndi katswiri wa nkhanu, ndipo mukazungulira mbali ya nkhanu mumaona kuti anthu a muno amazikonda zedi. Mu 1986 iye analemba za kankhanu ka m'timitsinje ta m'mapiri a Singapore, Johora singaporensis, kamene sikafika patali ndi masentimita atatu. Sikapezeka kwina kulikonse padziko, koma m'timitsinje tochepa ta ku Bukit Timah, Bukit Batok ndi Bukit Gombak. Mu 2012 kanaikidwa pa mndandanda wa mitundu 100 ya zamoyo imene ili pa chiopsezo chachikulu kwambiri padziko lonse. Taganizani: mzinda wodzaza nyumba zosanja, ndipo pansi pa masamba owola m'kamtsinje muli nyama imene ilibe kwina kothawira. Kasanapatsidwe dzina, palibe akanaimitsa ntchito yomanga chifukwa cha iko, poti pa pepala kanalibe.

Chitsanzo china chimene chimandizunguza mutu ndi kansomba ka Paedocypris progenetica, kamene kanalembedwa mu 2006 ndi Maurice Kottelat, Ralf Britz, Tan Heok Hui ndi Kai-Erik Witte. Kamakhala m'madambo a madzi akuda a ku Sumatra, madzi owawasa kwambiri moti nsomba zambiri sizingakhalemo. Kakakazi kokhwima, kokonzeka kuikira mazira, kanapezeka kotalika mamilimita 7.9 okha, kungoposa pang'ono njere ya mpunga. Mutu wake ulibe mafupa okwanira ophimba ubongo pamwamba. Kansomba kotere n'kosavuta kukatenga ngati mwana wa nsomba ina n'kukataya, ndipo pamafunika munthu woleza mtima ndi maikulosikopu kuti aone mazirawo. Madambo amenewa akuphwetsedwa ndi kuwotchedwa kuti pabzalidwe migwalangwa ya mafuta, ndiye akatswiriwa akuthamangitsana ndi nthawi.

Za pansi pa nyanja nazo zilipo. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesiteyi pamodzi ndi anzawo a ku Indonesia anakhala masiku 14 pa sitima kumwera kwa Java, akukoka maukonde m'malo 63, ndipo anabwera ndi zamoyo zoposa 12,000. Mwa zimenezo munatuluka Bathynomus raksasa, imene inalembedwa mu 2020: chinyama cha miyendo khumi ndi inayi, cha chigoba chamizeremizere, chotalika kuposa masentimita 30, chokhala mozama pafupifupi kilomita imodzi. Wachibale wake, Bathynomus vaderi, sanafune sitima n'komwe. Ofufuza a ku Vietnam anamugula kwa ogulitsa za m'nyanja mu mzinda wa Quy Nhon, kumene anthu anali atayamba kale kumudya ngati chakudya cha apamwamba, ndipo dzina lake linatuluka mu Januwale 2025. Amalemera kupitirira kilogalamu imodzi. Ndimaseka ndikaganiza kuti nyama inali kale m'mbale za anthu, ili ndi mtengo wake pa msika, sayansi isanaidziwe. Koma ndi mmene zilili ku Asia kuno, ndipo n'chifukwa chake akatswiri anzeru amayendera misika ya nsomba m'mamawa asanaganize za nkhalango.

Apa ndi pamene ndili ndi pempho langa. Chionetserocho chinakonzedwa motsatira mtengo wa ubale wa zamoyo, kuyambira tizilombo tosaoneka ndi maso, zomera, bowa, nkhono, mpaka zinyama zoyamwitsa. Dongosolo limenelo ndi labwino pophunzitsa, ndipo mphunzitsi wa bayoloje angasangalale nalo. Koma ine ndikanakonda patakhala ngodya imodzi yaikulu yongoonetsa ulendo wa nyama imodzi kuchoka mu ukonde kufika pa dzina: botolo loyamba, zojambula za pensulo, makalata otsutsana a akatswiri, pepala losindikizidwa. Nkhani ngati za kansomba ka ku Sumatra zimakoma kwambiri munthu ukazidziwiratu usanalowe. Ndiye langizo langa ndi ili: musanapite, tsegulani magazini yawo ya Raffles Bulletin of Zoology, imene inayamba mu 1928 ndipo imawerengeka mwaulere pa intaneti. Simufunika kumva zonse. Ingotsegulani pepala limodzi lolengeza mtundu watsopano, muone mmene amalembera malo, tsiku, nambala ya botolo yoyamba ndi zilembo ZRC (chizindikiro cha zinyama zosungidwa m'nyumbayi), ndi mndandanda wa zimene zikusiyanitsa nyamayo ndi inzake. Mukalowa m'nyumbamo mutaona zimenezo, mabotolo aja sakhalanso ngati zokongoletsera.

Ngati mtima wanu uli pa zomera, kuno mupeza zochepa poyerekeza ndi zinyama. Muli chifanizo cha duwa lalikulu la Rafflesia, muli thunthu lija, kunja kuli dimba lobzalidwa motsatira ubale wa zomera, koma likulu la ntchito ya zomera lili ku Singapore Botanic Gardens, munda umene unakhazikitsidwa mu 1859 ndipo UNESCO inauika pa mndandanda wa malo ofunika padziko mu 2015. Kumeneko amasunga zomera zouma zomatidwa pa mapepala pafupifupi 750,000. Akatswiri akumeneko analengeza mtundu watsopano wa jinja wa m'nkhalango, Zingiber singapurense, mu 2014, ndipo chaka chotsatira anatulutsa Hanguana rubinea ndi Hanguana triangulata, zonse zomera za m'nkhalango za mkati mwa mzinda womwewu, kumene akatswiri akhala akupondaponda kwa zaka zoposa zana limodzi. Malamulo a mayina a zomera ndi osiyana ndi a zinyama: amayambira 1753, ndipo mpaka kumapeto kwa 2011 munthu ankayenera kulemba kufotokoza kwake m'Chilatini. Kulowa m'munda waukuluwo n'kwaulere, kupatula mbali ya maluwa a orchid, choncho n'zotheka kuphatikiza malo awiriwa pa tsiku limodzi ngati miyendo ikulola.

Ndani angasangalale ndi nyumbayi? Wophunzira za sayansi ya zamoyo, mphunzitsi, wokonda mbalame, ndi aliyense amene amaima n'kuwerenga timapepala. Ana a zaka za ku pulayimale amasangalala ndi mafupa ndi madirowa aja, koma aang'ono kwambiri amene akufuna kuona nyama zikuyenda ndi bwino kupita nawo ku malo osungira zinyama a ku Mandai, chifukwa zambiri za muno ndi zouma kapena zili mu sipiriti. Nyumbayi si yaikulu. Wothamanga atha kumaliza mu ola limodzi n'kutuluka akuti yaduliranji, pamene wofatsa amafuna maola awiri kapena atatu. Zolembedwa zonse zili m'Chingerezi, ndipo zina ndi za zilembo zing'onozing'ono, choncho ovala magalasi musawaiwale. Mkati mumazizira chifukwa cha zosungidwazo, ndiye kajuzi kopepuka n'kothandiza ngakhale kunja kukutentha. Onani pa webusaiti yawo nthawi yomaliza kulowa musananyamuke, chifukwa amasiya kulandira anthu nthawi yotsekera isanakwane, ndipo mukafika yambani ndi chipinda cha mbiri chapamwamba chija anthu akadali pansi pa ma dinosaur.